Madigiri 22 a ku Chinhoyi amazizira ndithu, valani zoyenera

Anthu ambiri kuno ku Harare akangomva kuti madzi a m'mapanga a Chinhoyi amakhala madigiri 22 chaka chonse, amati aaa ndiye ndi ofunda amenewo, kakabudula basi ndalowa. Ine sindiwaseka chifukwa nambalayo imapusitsadi. Tsiku la madigiri 22 ku Mbare umayenda ndi tisheti, mwinanso kumadandaula dzuwa, ndiye mutu umangoganiza kuti m'madzi ndi chimodzimodzi. Ayi abale, madzi amachotsa kutentha m'thupi msanga kwambiri, kuposa mpweya maulendo oposa 20. Thupi lathu mkatimu limafuna kukhala pa 37, ndiye madzi aliwonse amene ali pansi pa pamenepo akukuberani kutentha pang'onopang'ono, kaya mukumva kaya simukumva. Wosambira pamwamba amatakataka, manja miyendo zonse zili pa ntchito, thupi limapanga moto wake. Koma wa scuba, wobira pansi ndi silinda ya mpweya kumsana, amaphunzitsidwa dala kuti adekhe, asamaphiriphithe, asunge mpweya wa mu silinda, ndiye umangoyandama phee mphindi 40 kapena 50 madzi akukudya mwakachetechete.

Kwa amene simunafikeko, mapangawa ali pa msewu waukulu wopita ku Chirundu, makilomita 120 ndi kuposerapo pang'ono kuchokera mu town, mukangodutsa tawuni ya Chinhoyi. Dziwe lake amati Sleeping Pool, eni dziko amati Chirorodziva, ndipo madzi ake ndi abuluu komanso oyera mwakuti munthu ali pansi umamuona bwinobwino ali kutali. Kuya kwake si masewera, akatswiri anatsikapo kupitirira mamita 100. Ife wamba timathera pamwamba pomwe, wa setifiketi yoyamba ija malire ake ndi mamita 18, wa advanced 30, ndipo kubira kongosangalala sikupyola 40. Kwa ife a dziko lopanda nyanja yamchere, pamene ku Kariba kuli ng'ona ndipo madzi a mu damu la Chivero ndi oti munthu sungalowetsemo nkhope mwadala, Chinhoyi ndiye sukulu yathu, ndiye bwalo lathu. N'chifukwa chake nkhani ya zovala ndimaiyeza ndi madigiri 22 amenewa.

Tiyambe ndi bodza lija limayenda kwambiri lakuti wetsuit, suti ya labala yobirira imene imalowetsa madzi pang'ono, imakufunditsa chifukwa cha madzi amene alowa mkati n'kutenthedwa ndi thupi. Madzi amenewo sakukuthandizani chilichonse, inuyo ndi amene mwawononga kutentha kwanu powatenthetsa. Chimene chimagwira ntchito ndi labala yakeyo, neoprene, imene ili ndi tithovu ta gasi tambirimbiri totsekeka mkati, ndipo gasi salola kutentha kudutsa msanga. Labala imeneyi anaitulukira a kampani ya DuPont mu 1930, ndipo munthu amene amatchulidwa kuti anayamba kuisoka kukhala suti ya m'madzi ndi Hugh Bradner, katswiri wa fizikisi wa ku California, mu 1952. Timadzi tolowato timangopiririka ngati tili tochepa komanso sitikusinthasintha. Koma suti ikakhala yokula, yotaya pakhosi kapena kumsana, nthawi iliyonse mwatembenuka madzi ozizira atsopano amalowa, ofunda aja n'kutuluka, ndiye thupi lanu lili pa ntchito yotenthetsa dziwe lonse la Chinhoyi kkkk, ntchito yosatheka.

Apa ndiye pamene ine ndimakakamira kwambiri: kukwana kwa suti kumaposa kukhuthala kwake. Suti ya mamilimita 3 yogwira thupi bwino imatha kufunditsa kuposa ya 5 yolendewera. Poyesa, onani m'khwapa, kumbuyo kwa mawondo, ndi kumsana cha m'chiuno muja, ngati pali thumba loti mutha kutsina n'kukoka ndiye kuti mmenemo muzikhala madzi. Pakhosi, m'mikono ndi mu akakolo pagwire koma osati kukanyanga. Makamaka pakhosi samalani, suti kapena hood (chipewa cha labala chophimba mutu ndi khosi) yothina kwambiri imapanikiza mitsempha ya m'khosi ndipo munthu amatha kuchita chizungulire, komanso ngati simukutha kupuma mokoka chifuwa chonse muli pamtunda, pansi pa madzi zizakhala zoipirapo. Azimayi musalole kupatsidwa suti ya abambo eti poti ndi imene yatsala, kasokedwe kake ndi kosiyana, imasiya mpata m'mapewa ndi m'chiuno. Ndipo anthu ochepa thupi ngati ine amazizidwa msanga kuposa anzathu amatupi aja, palibe chamanyazi, ndi mmene thupi lilili basi.

Chachiwiri chimene anthu sakuwuza pogula ndi chakuti suti imaphwa ukamatsika. Pamwamba pa madzi mphamvu yopanikiza ndi bar imodzi, pa mamita 10 ndi ziwiri, pa mamita 30 zafika zinayi, ndipo tithovu ta mu neoprene tija timafinyika ndi mphamvu imeneyo. Ndiye suti imene munavala ili yokhuthala bwino pamtunda, pansi paja yapyapyala ndipo kufunditsa kwake kwachepa. Ku Chinhoyi izi zimaoneka bwino chifukwa madziwo sasintha kwenikweni kutentha ukamatsika, koma iwe umamva ngati kwazizira, kumene kwasintha ndi sutiyo osati madzi. Kufinyika komweku n'kumene kumakalambitsa suti. Ikabira kambirimbiri tithovu tija sitibwereranso mwakale, imakhala ngati matiresi a siponji a kuchipinda cha alendo, pachikuto analemba kuti ndi okhuthala koma ukagona nthiti zikugunda thabwa. Masuti obwereka amakhala otero kawirikawiri, si kuti eni ake ndi oipa mtima ayi, koma suti yovalidwa ndi ophunzira sabata ndi sabata singafanane ndi yatsopano. Mukabwereka ifinyeni ndi zala pachifuwa ndi pa mawondo, ngati sikubwerera msanga pemphani ina kapena onjezerani kavesti mkati.

Nanga tivale yokhuthala bwanji? Kuyerekeza kumene ambiri amatsata ndi kwakuti ya mamilimita 3 ndi ya madzi ofunda a madigiri 25 kupita m'mwamba, ya 5 ndi ya madzi apakatikati ngati athuwa, ya 7 ndi ya madzi otsika pansi pa 18, ndipo zikafika cha ku 10 uko anthu amasiya wetsuit n'kuvala drysuit, suti yosalowetsa madzi. Si lamulo, matupi amasiyana. Koma mukandifunsa ine za Chinhoyi ndikuuzani ya 5 yathunthu, manja aatali miyendo yaitali. Ya 3 imakwana pa kubira koyamba, mumatuluka mukuseka, koma vuto limabwera pa kachiwiri ndi kachitatu tsiku lomwelo, chifukwa kuzizira kumaunjikana, thupi silikhala litabwezeretsa zonse zimene linataya m'mawa. Ya kabudula ija, imene amati shorty, isiyireni ku swimming pool.

Mutu. Anthu amakana hood kuti imasowetsa mtendere ndipo pa chithunzi sumaoneka bwino, koma pa ndalama zochepa palibe chinthu chimene chimawonjezera kufunda ngati chimenechi. Zija amanena kuti theka la kutentha kwa thupi limatulukira kumutu n'zokokomeza, komabe mitsempha ya pakhungu la kumutu sifinyika kwambiri kukazizira ngati mmene imachitira ya m'manja ndi m'mapazi, ndiye mutu wosavala m'madzi umangotaya kutentha osaleka. Ine ndimakonda kavesti kosokerera hood pamodzi, kovala mkati mwa suti, chifukwa kamatseka njira ya madzi olowera pakhosi n'kutsikira kumsana, komanso kamawonjezera labala pachifuwa pamene pali pofunika. Chenjezo limodzi lokha: hood yomata kwambiri pa khutu imatsekera mpweya kunja kwa khutu ndipo potsika khutu limapweteka, ndiye mukangolowa ikokeni pang'ono madzi alowe m'makutu. Amene muli ndi tsitsi lambiri, madiredi kapena zoluka zikuluzikulu, yesani hood muli ndi tsitsi lomwelo, osagula mwa nambala chabe.

Magolovesi pa madigiri 22 si ofunika kwambiri, opyapyala akwana, okhuthala amangokulepheretsani kugwira zomangira ndi mabatani. Mabuti a neoprene okhala ndi soli yolimba ndiye musasiye, pa zifukwa ziwiri, mapazi amazizira msanga komanso kuti mufike pa dziwe paja mumatsika masitepe ambiri mutasenza silinda, ndipo pobwerera n'kukwera omwewo miyendo ili lendelende.

Tsopano za mkati mwa suti ndi za kaunjika, poti ndikudziwa ambiri tikuwerenga ndi thumba. Tisheti ya kotoni mkati mwa wetsuit sithandiza, imangomwa madzi n'kukwinyika. Zovala zopyapyala zija za lycra zimathandiza kuti suti ilowe mosavuta ndi kuteteza khungu kuti lisanyuke, koma kufunditsa kwake n'kochepa zedi, musanamizidwe. Zilipo zina zopangira m'madzi momwemo, zokhala ndi ubweya wa fleece mkati ndi kansalu kotchinga mphepo pakati, zimenezo zimathandizadi ndipo ubwino wake siziyandamitsa munthu ngati neoprene, koma mtengo wake ndi wa madola ndithu. Pamene kaunjika amagwira ntchito kwenikweni ndi pa zovala za pamtunda. Pa mabhero a ku msika wa Mupedzanhamo mumapeza majuzi a fleece, zipewa zaubweya, masokosi okhuthala ndi majekete otchinga mphepo a anthu a kumayiko ozizira, ndipo zimenezi ndi theka la nkhondo yonse. Wetsuit yeniyeni nayo imatulukira mu bhero mwa apo ndi apo, koma zambiri zimakhala za ma surfer, zopyapyala m'manja ndipo labala yake ndi yofewa imene imaphwa msanga pansi. Ikakukwanani bwino tengani, koma onani zipi ndi misoko kaye. Ambiri amene ndimawadziwa amaitanitsa ku Johannesburg, ndipo ngati mukutuma munthu mutumizireni miyezo ya telala, chifuwa, chiuno, msinkhu ndi kulemera, osangoti medium, chifukwa medium wa kampani ina ndi large wa kampani ina.

Ndati theka la nkhondo lili pamtunda ndipo apa ndikhalitsepo. Madzi a Chinhoyi sadziwa kuti kunja ndi June kapena October, koma inu mudziwa. Mu June ndi July kuno m'mawa kumatsika pansi pa madigiri 10, mumanyamuka ku Harare kusanache, mumafika muli kale ozizidwa, kenako mukuvula pamtetete n'kuvala labala yozizira, mwinanso yonyowa ya dzulo. Munthu wolowa m'madzi atazizidwa kale ndiye kuti wayamba ndi ngongole. Ndiye valani zofunda mpaka mphindi yomaliza, idyani kaye chakudya chenicheni m'mawa, phala kapena mbatata ndi tiyi, chifukwa moto wa m'thupi umafuna nkhuni. Mukatuluka m'madzi ndiye pamene pali msampha waukulu, suti yonyowa ikawombedwa ndi mphepo madzi akamauma amakoka kutentha, ndipo munthu amazizidwa kwambiri pa ola lopuma pakati pa kubira koyamba ndi kachiwiri kuposa mmene anazizidwira pansi. Anthu amachita ulesi kuvula poti avalanso posachedwa. Vulani ngakhale kumtunda kokha, pukutani ndi thawulo, valani juzi youma, jekete ndi chipewa, khalani padzuwa pobisika mphepo, fulasiki ya tiyi wa shuga ili pambali. Ena amathira madzi ofunda pang'ono mu suti asanalowenso kachiwiri, zimathandiza kuti thupi lisayambe ndi kutenthetsa madzi ozizira, bola akhale ofunda chabe osati otentha.

Mu October zinthu zimatembenuka, vuto limakhala kutenthedwa. Kuvala suti ya 5 pamalo oimika galimoto dzuwa lili pamutu, n'kusenza katundu kutsika naye, munthu amafika pa madzi thukuta lili kamukamu mutu ukuwawa. Nyengo imeneyo konzani zida zonse kaye, suti muvale pomaliza, ndipo imwani madzi ambiri.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amathamangira akazizidwa zimene aphunzitsi amaletsa, ndipo ali ndi chifukwa. Choyamba ndi mowa. Kachasu kapena brandy amakupatsa kumva ngati wafunda chifukwa amatsegula mitsempha ya pakhungu, koma kutero ndiye kutaya kutentha kwa mkati, kuwonjezera apo amaumitsa thupi. Chachiwiri ndi kuthamangira shawa yotentha kwambiri utangotuluka. Tikakhala pansi thupi limamwa nitrogen wa mu mpweya umene tikupuma, ndipo amayenera kutuluka pang'onopang'ono pokwera ndi maola otsatira. Thupi lozizira magazi sayenda bwino m'khungu ndi m'manja, ndiye nitrogen amachedwa kutuluka, ndipo kulitenthetsa mwadzidzidzi kungathandize kuti apange tithovu, amene ndiwo matenda aja a decompression. Ofufuza a asilikali a pamadzi a ku America anapeza kuti kuipa kwambiri ndi kukhala wofunda uli pansi n'kuzizidwa pokwera, ndipo mukaganiza bwino ndi mmene zimakhalira ndi munthu wovala suti yosakwanira, amayamba bwino n'kumathera kunjenjemera pa mamita 5 paja pamene timaima mphindi zitatu tisanatuluke. Ndiye kufunda si nkhani ya kusangalala chabe. Onjezaninso kuti Chinhoyi ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo Harare ili pamwamba kuposa apo, pafupifupi 1,500, ndiye kompyuta yanu ya pamkono, yowerengera kuya ndi nthawi imene mungakhale pansi, iyenera kudziwa za kukwera kumeneku ndipo musathamangire kubwerera ku town mutangotuluka.

Suti ikasintha, mtovu nawo usinthe. Neoprene yokhuthala imayandamitsa kwambiri, ndiye amene wachoka pa 3 kupita pa 5, kapena wawonjezera kavesti, afunika mtovu wowonjezera pa lamba, ndipo pansi suti ikaphwa amalemera mwadzidzidzi n'kufunika kuwonjezera mpweya mu jekete yoyandamitsa imene imagwira silinda. Madzi opanda mchere ngati athuwa amafuna mtovu wochepa kuposa a ku Mozambique, ndiye nambala imene munalemba ku Tofo musabwere nayo ku Chinhoyi osayesanso.

Za drysuit ndingodutsa mwachangu chifukwa kwa ambiri a ife ndi nkhani yakutali. Imeneyi silowetsa madzi, imamata pakhosi ndi m'mikono, ndipo chofunditsa ndi mpweya ndi zovala zimene wavala mkati, fleece kapena ubweya wa merino, kotoni ayi chifukwa akanyowa ndi thukuta amazizira. Imalumikizidwa ku silinda kuti uziwonjezera mpweya potsika ndi kutulutsa pokwera, ndipo imafuna maphunziro akeake, chifukwa mpweya ukathawira kumapazi munthu amakwera chadodolido. Amene amabira mozama ku Chinhoyi, oti akhala nthawi yaitali akudikira pokwera, ena amavala zimenezi ngakhale pa madigiri 22, mpaka mavesti a batire otenthetsa alipo. Ifeyo tingaifune tikapita ku Cape Town, mbali ya Atlantic, kumene mtsinje wa m'nyanja wa Benguela umabweretsa madzi otsika mpaka cha m'ma 10 umo. Kugula drysuit chifukwa cha Chinhoyi yokha, pa kubira kwa mamita 18, ine ndimaona ngati kuwononga ndalama za fizi.

Kumudzi kwa makolo athu nkhani ndi yofewerapo. Nyanja ya Malawi pamwamba imakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29 malinga ndi nyengo, ndiye ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay mu November ndi December ya 3 ikwana bwino, ukuonerera mbuna m'miyala osaganizako za kuzizira. Koma pitani mu July nthawi ya mwera muone, madzi atsikako, ndipo pa boti pobwerera mphepo ija ikuwomba suti yonyowa mano amachita kugundana. Jekete yotchinga mphepo ikwere nawo boti. Amalume anga amene anakulira m'mbali mwa nyanja amandiseka akaona chikwama changa, amati iwe mphwanga, ife tinkabira opanda kanthu kukakola ukonde pa mwala, zovala zonsezi n'zachiyani? Ndimawayankha kuti amalume, inu munkatsika mphindi imodzi n'kutuluka kukaothera dzuwa pa bwato, ife timakhala pansipo pafupifupi ola. Amangoti mmm ana a masiku ano, koma mfundoyo amaimva.

Mtima womwewo wa amalume ndimauonanso kwa anyamata ena pa dziwe, munthu milomo yachita kuda, manja akunjenjemera polumikiza paipi, koma ukamufunsa akuti ndili bho. Kunjenjemera ndi chizindikiro chakuti thupi layamba kugonja, ndipo kutentha kwa mkati kukatsika pansi pa 35 ndiye hypothermia imeneyo. Usanafike n'komwe pamenepo zala zimauma, kuganiza kumachedwa, mpweya umatha msanga chifukwa ukupuma mofulumira, ndipo amene ali pa ngozi si iwe wekha komanso mnzako amene akudalira kuti zikavuta umuthandiza. Chizindikiro cha manja chilipo, kupingasa mikono pachifuwa n'kumasisita mapewa, ukachipereka ndiye kuti tikwere, ndipo mnzako wabwino safunsa zambiri.

Kwatsala kankhani kamanyazi kaja. Inde, ukamira m'madzi ozizirirapo magazi amathawira pakati pa thupi, impso zimaona ngati madzi achuluka, ndipo mkodzo umabwera ngakhale unapita kuchimbudzi usanavale. Ena amaleka kumwa madzi kuti apewe zimenezi, kumene kuli kulakwitsa kwakukulu chifukwa thupi louma ndiye limagwidwa msanga ndi decompression. Kukodzera mu suti kumafunditsa kamphindi chabe kenako kuzizira kumabwerera, ndipo ngati suti ndi yobwereka chonde ganizirani wovala mawa. Mukafika kunyumba itsukeni ndi madzi ozizira, a pa borehole ali bwino, ndi kasopo kofewa pang'ono, osati wa ufa wochapira uja ndipo osati madzi otentha. Itembenuzeni kunja kukhale mkati, yanikani pamthunzi chifukwa dzuwa limaumitsa labala n'kuing'amba, ikauma mbali imeneyo mutembenuzenso. Posunga musaipinde n'kuitsindika pansi pa sutikesi, mzere umene wapindika sufutukukanso ndipo pamenepo m'pamene kuzizira kudzalowere. Ipachikeni pa hang'ala yokhuthala, ya waya ija imadula mapewa, kapena ikolekeni pakati pa ndodo yopingasa m'wadiropu, zipi ili yotsegula.